Alonda a pachipata cha Linux aleke kupirikitsa alendo

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10. Palibe kompyuta yomwe idapsa tsiku limenelo, ndipo m'mawa mwake zonse zidayaka monga mwa masiku onse. Chomwe chidatha ndi zigamba za chitetezo zomwe kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi kuti zizitseka ziboo zolowera mbava za pa intaneti. Anthu wamba ofuna kupitiriza kulandira zigambazo adapatsidwa mwayi wa chaka chimodzi chokha chowonjezera. Njira yomwe Microsoft idaloza ndi yosamukira ku Windows 11, koma Windows 11 salowa m'nyumba iliyonse. Amafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena ya AMD ya msinkhu womwewo, zomwe zidasiya panja makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike. Kumapeto kwa 2023 kampani yofufuza za misika ya Canalys idayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni atha kutayidwa chifukwa cha zimenezi.

Makina otere si achilendo kwa aliyense amene adagulapo laputopu yakale ku Johannesburg, ku Harare, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Blantyre. Ndi omwewo adatuluka m'maofesi akuluakulu zaka zawo zitakwana, n'kudzakhala chuma cha wophunzira wa pakoleji, mphunzitsi, kapena mnyamata wosindikiza makadi a ukwati. Sikirini ili bwinobwino, kiyibodi ikugwira, purosesa ikadali ndi mphamvu. Mwini wake akamva kuti kuli pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, yosagula ndiponso yosafunsa za TPM, amapita kwa odziwa kukafunsa njira. Apa ndi pomwe pali mlandu. Kwa zaka makumi atatu okonda Linux akhala akudandaula kuti anthu sakuwamvera. Tsopano anthu afika pachipata, ndipo ena mwa alonda akuwalandira ndi mwano, ndi bodza, ndi mikangano ya pachiweniweni.

Mlanduwu ndi waukulu chifukwa ntchito yovuta idagwiridwa kale. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalengeza kuti akulemba phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndipo adati n'zongotayitsa nthawi. Phata limenelo, lomwe akatswiri amati kernel, lidalumikizidwa ndi zida za GNU, ntchito yomwe Richard Stallman adalengeza mu 1983. Lero lili m'foni iliyonse ya Android ndi m'makina ambiri osunga masamba a intaneti, ndipo kuyambira mu 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi amayendera Linux. Pomwe padakanika ndi patebulo la munthu wamba, ndipo kwa achinyamata chifukwa chake chidali chimodzi: pa Linux panalibe masewera.

Kwa nthawi yaitali dandaulolo lidali loona. Pulogalamu ya Wine, yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, idayamba mu 1993, koma kuti masewera ayende bwino pankafunika kuchezera usiku. Kampani ya Loki, yomwe inkasamutsira masewera ku Linux, idagwa mu 2001. Kampani ya Valve idabweretsa sitolo yake ya Steam ku Linux mu 2013, koma makina ake otchedwa Steam Machine, omwe adatuluka mu 2015, adasowa ogula. Zinthu zidatembenuka mu Ogasiti 2018, pomwe Valve mogwirizana ndi CodeWeavers idatulutsa Proton. Ntchito ya Proton ndi ya womasulira. Masewera olembedwera Windows amalamula chipangizo chojambula zithunzi m'chilankhulo cha DirectX, ndipo Proton amatembenuza malamulowo nthawi yomweyo kukhala a Vulkan, omwe Linux amamva. Mbali yaikulu ya kumasulirako ndi DXVK, yomwe Philip Rebohle adayamba kulemba payekha pofuna kusewera NieR: Automata, Valve isanayambe kumulipira. Mu Febuluwale 2022 kudabwera Steam Deck, kakompyuta ka m'manja koyendera Linux, ndipo anthu mamiliyoni angapo adayamba kusewera Elden Ring, Cyberpunk 2077 ndi The Witcher 3 pa Linux, ambiri osadziwa n'komwe kuti ali pa Linux.

Phunziro la Steam Deck ndi lowawa kwa alonda a pachipata. Chidakopa anthu ndi chakuti makinawo amangoyaka n'kuyamba ntchito, osafunsa mwini wake ngati adawerenga mabuku. Komabe mlendo wofunsa chifukwa chomwe Wi-Fi yake siikugwira amatha kuyankhidwa ndi zilembo zinayi, RTFM, zomwe ndi chitonzo chomulamula kuti akawerenge yekha buku la malangizo. Wina amamuponyera mzere wa malamulo woti akalembe mu terminal, osamuuza chomwe mzerewo uchite. Wina amamuuza kuti ngati zamukanika abwerere ku Windows komwe kuli anzake. Makolo adati safunsa adadya phula, kutanthauza kuti wolakwa ndi amene sadafunse. Pakati pa okonda Linux ena nzeruyi idatembenuzidwa chadodolido: wofunsa ndiye amalangidwa. Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Munthu wonyozedwa kamodzi safunsanso, amangokopera malamulo omwe wawapeza pa intaneti, kompyuta n'kuwonongeka, iye n'kumauza aliyense kuti Linux ndi wa amisala.

Nkhani ya Linus Sebastian ikuonetsa bwino khalidweli. Mu Novembala 2021 mkuluyu, yemwe ndi wotchuka pa YouTube pa nkhani za makompyuta, adayesa kugwiritsa ntchito Linux tsiku ndi tsiku anthu akuonera. Adasankha Pop!_OS, ndipo atalephera kuika Steam kudzera m'sitolo ya mapulogalamu adapita ku terminal. Kumeneko kudatuluka mizere yambirimbiri ya mayina osamveka, pansi pake pali chenjezo lomupempha kuti alembe chiganizo chotsimikiza kuti akufunadi zimenezo. Adalemba, ndipo pulogalamu yoika Steam idafufuta nkhope yonse ya kompyutayo, kungotsala sikirini yakuda. Ambiri adathamangira kumuseka kuti sadawerenge chenjezo. Koma gwero la ngoziyo lidali cholakwika pa kakonzedwe ka phukusi la Steam, ndipo eni Pop!_OS adachivomera n'kuchikonza. Osamalira apt, pulogalamu yomwe idapereka chenjezolo, adaisintha kuti isamalolenso munthu kugwetsa mizati ya nyumba pongolemba chiganizo chimodzi. Akatswiri enieni adaona vuto m'makina n'kulichotsa, pomwe alonda a pachipata adaona chitsiru n'kuseka. Ngakhale Torvalds mwini, yemwe adatchuka ndi makalata okalipa, mu Seputembala 2018 adapepesa poyera chifukwa cha kalankhulidwe kake ndipo adayamba wapuma kaye pa ntchito. Ngati woyambitsa adafika pozindikira kuti mwano umathamangitsa antchito abwino, wongoika Arch Linux sabata yatha adzikuza potengera yani?

Tchimo lachiwiri limaoneka ngati chikondi, koma limapweteka kuposa mwano. Ndi bodza loti pa Linux zonse zimayenda. Siziyenda zonse. Fortnite sayenda. Valorant sayenda. Call of Duty wa masiku ano sayenda. League of Legends ankayenda mpaka mu 2024, pomwe Riot Games idaikamo mlonda wake wotchedwa Vanguard. Apex Legends ankayenda bwinobwino mpaka kumapeto kwa Okutobala 2024, pomwe eni ake adatsekera kunja osewera onse a pa Linux ponena kuti akulimbana ndi obera. GTA Online adatsekeka mu Seputembala chaka chomwecho. Kwa achinyamata a kuno kum'mwera kwa Africa chopweteka kwambiri ndi mpira: kuyambira pa FIFA 23, masewera a mpira a EA ali ndi mlonda yemwe salola Linux. Mnyamata amene madzulo aliwonse amamenya mpira wa pakompyuta ndi anzake, akauzidwa kuti afufute Windows popeza zonse zimayenda, wanamizidwa, ndipo adzazindikira zimenezi mafayilo ake atapita kale.

Chifukwa chake n'chosavuta kufotokoza. Mapulogalamu ogwira obera m'masewera a pa intaneti amafuna kukhala mkatikati mwa phata la Windows, kuti aziona chilichonse chochitika m'kompyuta. Proton amamasulira mawu a masewera, koma sangasandutse phata la Linux kukhala la Windows. Kuyambira mu 2021 alonda awiri otchuka, Easy Anti-Cheat ndi BattlEye, amatha kugwira ntchito ndi Proton ngati mwini masewera walola, ndipo ena adalola pomwe ena adakana. Epic Games, yomwe ndi mwini wa Easy Anti-Cheat, ndi yomwenso idakana kutsegula Fortnite. Choncho okonda Linux sakulakwa akamati chitseko adatseka ndi makampani a masewera. Koma kudziwa wotseka chitseko sikuchitsegula. Mlendo sadabwere kudzaweruza mlandu wa pakati pa Linux ndi Epic. Akufuna kudziwa ngati Loweruka likudzali asewera ndi anzake kapena ayi. Yankho lake lili pa ProtonDB, pomwe osewera amalemba momwe masewera aliwonse akuyendera, ndipo kumuonetsa tsambalo asanafufute kanthu sikutenga mphindi zisanu.

Bodza lomweli limafika pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Photoshop, AutoCAD ndi Microsoft Office yoika pakompyuta alibe mtundu wa Linux. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera ndalama mokwanira, koma chikalata chovuta chochokera ku Word nthawi zina chimafika matebulo atasokonekera, ndipo wophunzira wopereka pepala lake kwa mphunzitsi ayenera kuchenjezedwa kuti azitumiza ngati PDF. GIMP ndi Krita ndi zida zamphamvu, koma wozolowera Photoshop adzafunika masabata kuti manja ake azolowere. Makina akale nawonso ali ndi malire. Linux Mint amatha kudzutsa laputopu ya zaka khumi kuti izilemba, kuonetsa mafilimu ndi kuyenda pa intaneti mwachangu, koma Proton wa lero amafuna chipangizo cha zithunzi chodziwa Vulkan, ndipo laputopu ya mu ofesi ya 2012 siidzasanduka Steam Deck. Palinso mtengo womwe olemba malangizo a ku Ulaya ndi ku America saukumbukira. Linux sagulitsidwa, koma fayilo yake yoikira imakwana magigabayiti awiri kapena atatu, zigamba zimabwera pafupipafupi, ndipo Baldur's Gate 3 yekha amafuna malo okwana magigabayiti 150. Kwa munthu wogula bandulo ya deta ya sabata, zimenezi ndi ndalama zenizeni. Walira mvula walira matope, ndipo mlangizi woona mtima amatchula matopewo mvula isanagwe.

Tchimo lachitatu ndi nkhondo ya mitundu. Linux amabwera m'mitundu mazanamazana, ndipo funso losalakwa loti woyamba ayambire uti limadzutsa mapokoso. Wa Arch amanyoza wa Ubuntu, wa Debian amakayikira wa Fedora, wina amatukwana Snap, wina systemd, wina Wayland. Mlendo amachoka ndi mayina khumi ndi asanu, opanda yankho. Mikangano ina mwa imeneyi ili ndi phindu pakati pa olemba mapulogalamu. Torvalds adadandaulapo pa msonkhano wa Debian mu 2014 kuti kugawikana kumeneku kumachititsa kuti kukonzera Linux pulogalamu imodzi yoyenda paliponse kukhale chintchito chosautsa, ndipo adanena kuti mwina Valve ndi yomwe idzapulumutse zinthu. Koma kukokera woyamba m'mikanganoyi kuli ngati kufunsa mlendo wanjala kuti aweruze mlandu wa malire a munda asanalawe nsima. Woyamba akufunika dzina limodzi. Linux Mint 22 adzalandira zigamba za chitetezo mpaka 2029, amafanana ndi Windows pa kaonekedwe, ndipo ali ndi anthu ambiri omwe adakumanapo kale ndi mavuto ake. Zifukwa zimenezi n'zokwanira. Akadzakhwima adzasankha yekha kwina.

Pansi pa nkhondoyi pali kusamvetsa mawu amodzi. M'Chingerezi liwu loti free limanyamula matanthauzo awiri, ndipo Stallman watha zaka zambiri akufotokoza kuti iye amanena za ufulu osati za mtengo. Chichewa chilibe chisokonezo chimenechi: chaulere ndi china, ufulu ndi wina. Maufulu omwe Stallman adandandalika ndi anayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu pa cholinga chilichonse, kuiphunzira ndi kuisintha, kugawira ena, ndi kugawa zomwe munthu wasintha. Woyamba pa onsewo ndi wogwiritsa ntchito pa cholinga chilichonse. Mtsikana woika Linux kuti azisewera Minecraft ndi kuonera YouTube akugwiritsa ntchito ufulu woyambawo mokwanira, ndipo safunika chilolezo cha wina aliyense. Odziyesa oyera, omwe amanyoza Steam chifukwa ndi pulogalamu yotsekedwa ya kampani yofuna phindu, ali ndi mfundo yoona, pakuti Valve idalowa mu Linux pofuna kudziteteza ku Microsoft osati chifukwa cha chifundo. Komabe Stallman yemweyo, polemba za nkhaniyi mu 2012, adati ngakhale masewera otsekedwa ndi osayenera, munthu wowasewera pa GNU/Linux ali pabwino kuposa wowasewera pa Windows. Ufulu womwe umalamula munthu chomwe ayenera kukonda wasanduka ulamuliro wina.

Alonda ali ndi zodzitetezera, ndipo ziyenera kumvedwa. Amati othandiza ambiri salipidwa, amayankha mafunso atatopa ndi ntchito zawo, ndipo funso lomwelo likabwera kachikwi mtima umatha. Izi n'zoona, ndipo mlendo wolamula ngati wagula katundu nayenso ndi wolakwa. Koma wotopa ali ndi njira yaulemu yomwe siimudyera kanthu, ndiyo kukhala chete. Kulemba chitonzo kumafuna mphamvu zofanana ndi kulemba dzina la tsamba lomwe lili ndi yankho. Komanso funso lobwera kachikwi ndi umboni woti penapake pulogalamu siikulankhula momveka, monga momwe nkhani ya apt idaonetsera. Ena amati kuchuluka kwa anthu wamba kudzasukulutsa Linux, kumusandutsa Windows wina. Mantha amenewa alibe maziko, chifukwa chiphaso cha GPL chimalola aliyense kutenga pulogalamu n'kuyenda nayo njira yake. Gentoo ndi Slackware alipobe, ndipo kubwera kwa Linux Mint sikudachotse terminal pakompyuta ya munthu aliyense.

Kunena zoona, katswiri ndi amene amapindula kwambiri alendo akachuluka. Makampani amawerenga mitu. Mu 2012 Torvalds adatukwana Nvidia pagulu pa yunivesite ya Aalto chifukwa chosagwirizana ndi olemba Linux, koma padapita zaka khumi kuti kampaniyo itsegule mbali ya mapulogalamu oyendetsa zipangizo zake mu 2022. Pa kafukufuku wa mwezi ndi mwezi wa Steam, Linux adakhala zaka zambiri pafupi ndi munthu mmodzi pa 100 alionse. Steam Deck atabwera chiwerengero chidakwera, mu 2023 chidaposa cha macOS, ndipo chakumapeto kwa 2025 chidadutsa atatu pa 100 alionse. Atatu ndi ochepa, n'chifukwa chake kampani imatha kuwatsekera kunja ndi chikalata chimodzi osaopa kutaya ndalama. Akadzafika khumi, mwini masewera adzaganiza kawiri. Woyamba aliyense wopirikitsidwa ndi chitonzo amachedwetsa tsiku limenelo, ndipo mlonda wonyadira kuti wathamangitsa mbuli amadzitsekera yekha masewera omwe akudandaula kuti sayenda.

Chitsanzo cha njira ina chidachokera m'chigawo chino cha Africa. Mu Okutobala 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa mtundu wa Linux womwe adautcha Ubuntu, liwu la Chizulu ndi Chixhosa lomwe m'Chichewa ndi umunthu. Pozindikira kuti intaneti idali yodula kwa ambiri, kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse pa dziko lapansi, osalipiritsa ngakhale sitampa, mpaka mu 2011. Ku South Africa bungwe lake lidaika makina otchedwa Freedom Toaster m'malo opezeka anthu ambiri, pomwe munthu ankabwera ndi CD yopanda kanthu n'kubwerera ndi Linux. Mu 2025 anthu ongodzipereka, mothandizidwa ndi gulu la KDE ndi ena, adayambitsa kampeni ya End of 10, yolozera eni makompyuta a Windows 10 malo omwe angapeze munthu wowathandiza kuika Linux maso ndi maso. Onsewa adayambira pa funso loti munthuyo akusowa chiyani. N'zomvetsa chisoni kuti liwu loti umunthu lidazungulira dziko lonse pa sikirini za makompyuta, pomwe ena mwa olitchula tsiku ndi tsiku sadalimvetse.

Kulandira mlendo bwino kuli ndi ndondomeko yake, ndipo siifuna digiri. Wodziwa ayambe wafunsa mapulogalamu ndi masewera omwe mnzakeyo sangakhale popanda iwo. Ngati pa mndandandawo pali mpira wa EA, Fortnite kapena AutoCAD, amuuze mosabisa kuti asafufute Windows, ndipo ngati malo alipo aike ziwirizo mbali ndi mbali. Asanakhudze chilichonse, akopere zithunzi ndi zikalata zonse kwina. Ayatse Linux kuchokera pa fulashi osaika kanthu, kuti aone limodzi ngati Wi-Fi, mawu, kamera ndi purintala zikugwira. Amene ali ndi intaneti yosawerengera akopere fayilo yoikira kamodzi n'kuiyendetsa pa fulashi kwa anzake khumi, pakuti chiphaso chimalola ndipo mutu umodzi susenza denga. Amuonetse sitolo ya mapulogalamu asanamuonetse terminal, ndipo akamupatsa lamulo loti alembe amuuze chomwe lichite. Amuonetsenso tinthu ting'onoting'ono tosangalatsa, monga batani la Compose lomwe limatulutsa chilembo cha ŵ popanda kuchisaka pa intaneti. Potsiriza amusiyire nambala ya foni, chifukwa mafunso enieni amabwera pa tsiku lachitatu.

Chaka chowonjezera cha Windows 10 chikatha, laputopu iliyonse yosayenerera Windows 11 idzakhala ndi njira zitatu: kupitiriza yopanda chitetezo, kuponyedwa kudzala, kapena kulandira Linux. Wine, Proton, DXVK ndi Linux Mint adachita mbali yawo. Chomwe chidzasankhe pakati pa njira zitatuzo, pa laputopu ya wophunzira wa ku Chipata kapena ya namwino wa ku Leicester, ndi yankho lomwe mwini wake adzalandire tsiku lomwe adzafunse funso lake loyamba.